Za Pamphala: Nyumba ya M'tauni Muiyenderenso Usiku

Caka ciri conse, nchito yokolola ikatha ndipo ndalama za nshawa, thonje, soya ndi fodya zikalowa m'matumba, pamakhala mabanja ena a ku Chadiza, Vubwi, Katete, Lundazi ndi Mambwe amene amamanga katundu wao kupita kukakhala ku Chipata. Ena amatsata sukulu ya ana, ena cipatala cacikuru cifukwa ca nkhalamba yodwala, ena apeza nchito, ndipo ena afuna kuyesa malonda pa msika wa Kapata kapena pa Saturday Market. Ku Lusaka amaopako, pakuti ndi kutali, makilomita pafupifupi 570, ndipo lendi ya kumeneko imadya munthu ali moyo. Ku Chipata ndi pafupi: munthu angathe kugona m'tauni Lacisanu nakafika pa maliro kumudzi Loweruka m'mawa. Komatu Chipata salinso kaboma kaja ka Fort Jameson kumene agogo athu anali kupita kukakhoma msonkho. Kuyambira mu February 2017 ndi mzinda, wacisanu m'dziko lino pambuyo pa Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Livingstone, ndipo uli ndi zokoma za mzinda pamodzi ndi zowawa zace.

Munthu wofuna nyumba amafunsa mafunso odziwika. Lendi ndi zingati pamwezi? Madzi ali pati? Cimbudzi cimodzi mumalowamo mabanja angati? Ku sukulu ndi kutali motani? Onsewa ndi mafunso a munthu wanzeru. Koma liripo funso lina limene anthu ocokera kumudzi salifunsa, ndipo ndilo limene ndifuna kuti tikambirane sabata ino: pakagwa coopsya pakati pa usiku, adzabwera ndani?

Sitilifunsa cifukwa kwathu yankho lace tinabadwa nalo. Mfuu ikamveka kumudzi, amuna onse amaturuka ndi zibonga asanadziwe n'komwe amene wakuwa. Mlendo akaoneka pa citsime m'mawa, pofika madzulo anyakwawa amva kale dzina lace ndi kumene wafikira. Wakuba mbuzi amakhala muphwa wa uje, ndipo mlandu wace umatha pansi pa mtengo, mbuzi nibwerera. Citetezo cimeneci n'cacikuru kuposa citsulo ciri conse ca pa zenera, koma sicikwera nao lole pamodzi ndi mtondo, mphasa ndi matumba a cimanga. Cimatsala kumudzi. M'tauni munthu amakhala pakati pa anthu osamdziwa, ndipo m'malo mwa anyakwawa ndi zibonga muli apolisi, telefoni ndi anansi amene mwina adzatsegula citseko, mwina sadzatsegula.

Tsono malo okhala mu Chipata ali mitundu-mitundu. Ku mayadi, monga ku Kalongwezi ndi ku Moth, kuli nyumba za mipanda ya njerwa, agaru ndi alonda, ndipo ambiri a ife lendi ya kumeneko sitingaithe. Ndingonenako kuti mpanda wautali umene uletsa mbala kulowa umaletsanso mfuu yanu kuturuka. Kapata ndi malo akale, a miseu yodziwika, pafupi ndi msika ndi mabasi, koma komwe kuli msika kulinso phokoso ndi anthu opita ndi kubwera. Ndiye pali makomboni monga Mchini, Magazine ndi Nabvutika, kumene anthu anayamba kumanga Khonsolo isanalembe miseu, ndipo n'kumene banja lofika kumene limapeza cipinda cochipa.

Maina amenewa amayenda ndi mbiri zace, ndipo mbiri zimenezi zimasoceretsa. Munthu akamva dzina lakuti Nabvutika amagwira mtima asanaone n'komwe malo ace. Koma komboni imodzi si cinthu cimodzi. Mu komboni yomweyo muli mzere wa nyumba umene eni ace akhalamo zaka 20, ana ao anakulira pamodzi, amai ali m'cigwirizano cimodzi ca ku chalichi, ndipo nkhope yacilendo ikaima pa khomo lanu masana, agogo a nyumba yoyang'anana nayo amafunsa kuti, "Mufuna yani, atate?" Mukayenda pang'ono mupeza mzere wina wa zipinda za lendi zokhazokha, mwini wace akhala kwina, anthu amalowa mwezi uno naturuka mwezi wa mawa, ndipo munthu wonyamula wailesi yanu pa mutu amamuyesa wosamuka. Kotero musasankhe komboni. Sankhani mzere wa nyumba, ndipo muwerenge kuti ndi nyumba zingati zimene eni ace amagonamo.

Msampha wina umene umakola makamaka ife a kumudzi ndi mapuloti atsopano a m'mphepete mwa mzinda. Malo ace ndi otakasuka, pali poika khola la nkhuku ndi kadimba ka repu, ndipo mtima umati, apa ndiye ngati kwathu. Si kwanu ai. Anansi anu kumeneko ndi nyumba zosafolera, zimene eni ace amabwera kamodzi pamwezi kudzaona ngati mafelemu a zitseko akalipo. Mukakuwa ikuyankhani ndi njerwa. Ndipo wofuna kugula malo otere ayambe wafika ku Khonsolo, cifukwa ogulitsa malo amene si ao ndi ambiri. M'makomboni obvomerezedwa, lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015 limapatsa munthu cikalata cokhalira pa malo zaka 30. Wokugulitsani akuonetseni cimeneco, osati kapepala kolembedwa pa bondo.

Tibwere kwa apolisi. Mwini nyumba akafuna kukukopani amaloza ndi cala nati, "Polisi ili apo." Nyumba ya polisi kuoneka ndi maso si kuti mwatetezedwa. Pali kusiyana pakati pa siteshoni yaikuru, monga ya pakati pa tauni, ndi kapolisi kakang'ono ka mu komboni kochedwa police post. Pa kapolisi kotere pamakhala apolisi owerengeka, kawirikawiri opanda galimoto yao-yao, ndipo milandu yaikuru amaitumiza ku siteshoni. Tsono cofunika kudziwa n'cakuti usiku pamakhala munthu kapena pamakhala loko, ndiponso kuti galimoto ikanyamuka ku siteshoni ingathe kufika pa khomo lanu kapena ai.

Funso la mseu limeneli si laling'ono mu Chipata. Mzindawu uli m'cigwa pakati pa mapiri, ndipo nyumba zina zakwera m'mapiri momwemo, mitengo yace inatha ndi nkhuni ndi makala. Mvula ya mu January ikagwa, madzi amatsika ndi mphamvu nakumba ngalande m'tinjira, kotero kuti njira imene taxi inakufikitsani nayo mu August imasanduka mtsinje. Galimoto ya polisi imaima m'munsi, wapolisi nayamba kukwera ndi toci, ndipo pofika iye mbala yawoloka kale phiri. Comwecinso ambulansi, tsiku limene mai wa pakati ayamba kumva m'mimba. Onjezanipo nyumba zopanda nambala. Mwaimba 991, ayankha, afunsa kuti muli pati, inu n'kumati kuseri kwa mtengo wa mango. Mu Chipata, abale anga, nyumba iti imene siili kuseri kwa mtengo wa mango?

Safunsa anadya phula, koma kufunsa kulinso ndi eni ace. Mwini nyumba ndi mnyamata wokupezerani nyumba onse afuna ndalama zanu, ndipo kwa iwo malo ali onse ndi a mtendere. Funsani amai amene ali pa mzere wotunga madzi. Funsani anyamata onyamula anthu pa njinga, pakuti iwo adziwa njira imene amakana kupitako dzuwa likalowa, ngakhale muwalipire kawiri. Funsani mkuru wa mpingo wanu wa m'dera limenelo. Ndipo pa mafunso onse musasiye ili: wakuba akagwidwa kuno, mumatani naye?

Akakuyankhani kuti timammanga n'kupita naye ku polisi, dziwani kuti anthu a kumeneko akali ndi cikhulupiriro cakuti mlandu ukafika ku polisi umayenda. Koma akaseka nati, "Kuno sitibvutitsa apolisi, timathana naye tokha," musakondwere poyesa kuti mwapeza malo a amuna olimba. Mwapeza malo amene anthu anataya mtima ndi lamulo, ndipo pa malo otere amene ali pangozi yoposa ndinu. Tikumbukire za kuciyambi kwa caka ca 2020, pamene mbiri ya anthu othira mankhwala okomola m'nyumba inacokera ku Chingola nifalikira dziko lonse. Anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ndipo ambiri a iwo mlandu wao unali wakuti pa malo pamene anapezeka panalibe wowadziwa. Nanga mu komboni imene mwalowamo dzulo, wosadziwika ndani? Ndi mwana wanu wamwamuna, amene wasocera njira pobwera ku msika madzulo, nayamba kusuzumira m'makomo kufuna nyumba ya atate wace.

Cifukwa cace ndikuti nyumba imene mwaikonda masana muiyenderenso usiku musanapereke ngwee. Pitani Lacisanu la kumapeto kwa mwezi, anthu atalandira, nthawi ya 8 koloko, pamodzi ndi mbale wanu wodziwa tauni. Masana shabini imaoneka ngati nyumba ya munthu wopemphera. Usiku ndi pamene mudzamva kuti khoma la cipinda ca ana anu lagundana ndi pogulitsira kacasu. Onani ngati amai akuyenda okha ndi mabeseni ao kucokera ku msika, ngati tuntemba tukali totsegula, ngati pa mphambano paima anyamata osacita kanthu. Musadalire nyale za magetsi zokha. M'caka ca 2024, madzi atacepa ku Kariba cifukwa ca cilala, magetsi anali kuzima mpaka maola 21 patsiku m'malo ena, ndipo pamenepo ku mayadi ndi ku komboni mdima unali umodzi.

M'mawa mwace pitani nokha ku polisi ya m'deralo. Ife a kumudzi tinazolowera kuti ku polisi amapitako womangidwa, ndipo munthu akaona yunifomu amabvula cisoti nayamba kunjenjemera alibe mlandu. Lowani, perekani moni, nenani kuti mufuna kudzakhala kuno ndipo mufuna kudziwa za malo ano. Mmene adzakulandirirani mulibe bvuto ndi mmenenso adzakulandirirani muli nalo. Pali zinthu zimene muyenera kuzidziwa musanalowe m'tauni. Dandaulo liri lonse limalembedwa m'buku la pa kauntala lochedwa Occurrence Book, ndipo muyenera kupempha nambala yace, cifukwa ndi imene mudzatsatira nayo mlandu. Belo ya ku polisi, imene amati police bond, siigulidwa. Ndi yaulere, ndipo cofunika ndi anthu okuimirani. Ndalama iri yonse ya cindapusa iyenera kubwera ndi lisiti ya Boma. Nkhani za nkhanza za m'banja, za ana ogwiriridwa ndi za amasiye olandidwa cuma ziri ndi ofesi yace, Victim Support Unit, imene inalowa m'lamulo la apolisi mu 1999. Ndipo wapolisi akakulakwirani, kuli bungwe la Police Public Complaints Commission, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2016, limene nchito yace ndi kumva madandaulo otere.

Tisaiwale kuti apolisi naonso ali ndi madandaulo ao pa ife. Munthu amabwera akulira kuti amubera, mbala nigwidwa, koma tsiku la ku khoti mboni zonse zadwala, kapena zalandira kale kanthu kwa abale a wakubayo. Mlandu ukatha cifukwa cosowa umboni, anthu omwewo ndiwo amayamba kunena kuti apolisi amasula mbala. Kumene anthu amaima pa umboni, apolisi omwewo amaoneka akhama.

M'makomboni ambiri muli magulu a anthu odzipereka oyendera usiku, a neighbourhood watch, amene amagwira nchito pansi pa apolisi. Funsani ngati gulu la kumeneko ndi lodziwika ku polisi, pakuti liribe mphamvu yomenya munthu kapena yolipitsa cindapusa, ndipo gulu limene licita zimenezi lasanduka bvuto lina. Funsaninso ngati komiti ya citukuko ya m'wadi imakumana. Thumba la CDF linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu mmodzi mu 2022, ndipo ndalama zimenezi zingathe kumanga kapolisi, kukonza mseu kapena kuika kamlatho, ngati eni dera apempha kupyolera mu komiti imeneyi. Kumene anthu sadziwa dzina la khansala wao, ngalande ija idzakhalapo mpaka ana anu akule.

Musanakweze katundu pa lole, lembani m'buku nambala ya pa felemu ya njinga yanu, ndi nambala ya foni imene imaoneka mukadina *#06#, pakuti popanda zimenezi wapolisi sangasiyanitse njinga yanu ndi mazana a njinga za mu Chipata. Foni kapena wailesi yochipa modabwitsa imene mnyamata akugulitsani pa mphambano muikane, cifukwa kulandira katundu wakuba ndi mlandu ngakhale munapereka ndalama. Ndipo ngati n'kotheka, atate kapena amai atsogole okha, akhale mwezi umodzi kwa acibale, alipire lendi ya mwezi umodzi osati isanu ndi umodzi, ana abwere pambuyo. Munda ndi nkhokwe zikhale m'manja mwa amalume kufikira mvula yoyamba itagwa, mutaona ndi maso anu kumene madzi a m'phiri amapita.