Kadimba ka Pakhomo

Bembeke ndi dera la kumapiri m'boma la Dedza. Mphepo yake ndi yozizira, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Ansembe a Chikatolika adatsegula mishoni kumeneko m'chaka cha 1910. Chifukwa cha kuzizirako, mbatata ya kachewere, kabichi, karoti ndi anyezi zimachita bwino kwambiri. Aliyense woyenda pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Ntcheu amaona milumilu ya mbewuzi pa msika wa pamphambano ya Bembeke.

Komabe pali chinthu chimodzi chomvetsa chisoni. Madimba ambiri ali kutali kudambo, ndipo zokolola zake zabwino zimathera kumsika. Nthawi yophika ikakwana, mayi amapeza kuti pakhomo palibe ngakhale kanyezi kamodzi. Pamenepo amatuma mwana kukapempha kwa anansi, kapena kukagula ndi ndalama imene ikadagula kope. Zikakanika, amangochulutsa mchere mumphika. Ndiwo zosakolera ana amangozinyambita, nakagona ndi njala nsima ili pambale. Ndiponso mchere wochuluka umayambitsa matenda a kuthamanga kwa magazi.

Nchifukwa chake banja lililonse liyenera kukhala ndi kadimba kuseri kwa khitchini, kobzalamo zokometsera ndiwo. Kadimbaka sikafuna malo aakulu. Mapazi asanu m'litali ndi atatu m'lifupi akwanira. Amene alibe malo angathe kubzala m'ndowa yobooka kapena mumphika wong'aluka.

Adyo ndi anyezi ndizo zoyenera kuyamba nazo, pakuti zimakonda nyengo yozizira. Pobzala adyo, mlimi amagawa mutu wake m'timagawo, nakwirira kagawo kalikonse nsonga yake italoza kumwamba. Pakatha miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, kagawo kamodzi kaja kamabala mutu wathunthu. Anyezi sachita kudikira kuti akhwime. Masamba ake aawisi angathe kudulidwa pang'onopang'ono ndi kuthiridwa mu nyemba kapena mu usipa, ndipo amaphukanso.

Tsabola wa kambuzi amadana ndi chisanu. Iye ayenera kubzalidwa pafupi ndi khoma lowombedwa ndi dzuwa, ndipo usiku wozizira kwambiri afunditsidwe udzu wouma. Pakona pena pangakhale phata la udzu uja wonunkhira ngati ndimu umene anthu amathira mu tiyi. Luni ndi bonongwe zikamera zokha m'kadimbamo zisazulidwe, pakuti ndi ndiwo zopatsa thanzi.

Anthu ena amati ntchito yotereyi ndi kutaya nthawi, chifukwa nkhuku zimapalasa ndipo mbuzi zimabudula zomera. Ndi zoona kuti ziweto zimawononga, koma kampanda ka nsungwi ndi udzu kamamangidwa tsiku limodzi. Ena amadandaula kuti madzi ali kutali. Komatu madzi otsukira masamba kapena mbatata, amene amangotayidwa pabwalo, angathe kuthirira kadimba konse, malinga akhale opanda sopo. Feteleza wogula safunikanso. Manyowa owolerana bwino a nkhuku kapena a mbuzi ndiwo chakudya cha zomerazi.

Ubwino wina ndi wakuti banja limadziwa bwino zimene likudya. Masamba opoperedwa mankhwala ophera tizilombo ndi oopsa akathyoledwa masiku oyenera asanakwane. Za m'kadimba ka pakhomo mwini amazidziwa kuyambira tsiku lobzala.

Ntchitoyi siya amayi okha. Mwana wa sukulu, mnyamata kapena mtsikana, angathe kuthirira m'mawa asananyamuke ndi kuzula udzu akaweruka. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mwana wosamala kadimba lero adzatha kusamala munda waukulu mawa, ndipo kwawo sadzamtumanso kukapempha tsabola mphika uli pamoto.

Mafunso

1. Tchulani mbewu zitatu zimene zimachita bwino ku Bembeke.
2. Kodi kuipa kochulutsa mchere mu ndiwo nkotani?
3. Fotokozani kabzalidwe ka adyo.
4. Kodi tsabola angatetezedwe bwanji ku chisanu?
5. Kodi mwambi wakuti "m'mera mpoyamba" ukutanthauzanji?