Pulinta mwagula ndi yanu, inki sankhani nokha

Pali bodza limene lakhazikika m'masitolo ogulitsa makompyuta, ndipo ife a ku Chowa muno m'Kabwe talimeza kwa nthawi yaitali. Bodzalo likuti munthu wothira inki yotsika mtengo mu pulinta yake ndi wosasamala, wokonda zotchipa, amene adzalira yekha makina akafa. Ine ndikukana. Munthu ameneyo wawerengera bwino ndalama zake. Woyenera kuchita manyazi ndi kampani imene imakugulitsani makina lero, mawa n'kumakulamulani ili kutsidya kwa nyanja kuti muzithiramo chiyani.

Kuno pulinta ya m'nyumba si chidole. Mphunzitsi amasindikizira mayeso a ana ake usiku, magetsi akangobwera. Wophunzira wa pa Mulungushi University kapena pa Kwame Nkrumah University amatulutsira ntchito imene ikufunika m'mawa. Mlembi wa mpingo amakonzera pulogalamu ya maliro ndi ya ukwati. Mayi amene ali ndi kathebulo pafupi ndi pogulitsira Airtel Money amapezera ndiwo pochita fotokope ya chitupa cha NRC ndi mafomu a thumba la chitukuko la CDF. Chitsekedwere mgodi wa mtovu mu 1994, ntchito m'Kabwe n'zosowa, ndipo mnyamata aliyense wofuna ntchito amayenda ndi envelopu yodzaza makalata, CV ndi masatifiketi. Pepala lililonse m'envelopumo lamwa inki, ndipo inkiyo walipira ndi munthu amene alibe malipiro.

Tsono tiyeni tione chimene amatigulitsa. Katiriji yakuda ya HP 305, imene imalowa m'mapulinta ang'onoang'ono ambiri a DeskJet, imakhala ndi inki yokwana mamililita 2. Imeneyo sidzaza ngakhale theka la kasupuni ka tiyi. Kampani yokha imanena kuti katirijiyo imasindikiza masamba pafupifupi 120. Ndiye kuti rimu imodzi ya mapepala 500 imadya makatiriji oposa anayi. Pambali pake ikani botolo la inki yakuda ya Epson 103, la mamililita 65, limene eni ake amati limafika masamba 4,500. Kuti musindikize masamba omwewo ndi timakatiriji ta masamba 120, muyenera kugula 38. Mu 2021, bungwe loteteza ogula la ku Britain lotchedwa Which? linawerengera mtengo wa inki ya m'makatiriji ena odziwika n'kupeza kuti lita imodzi ikupitirira mapaundi 2,000. Madzi a mtundu, ogulitsidwa m'madontho, pamtengo umene palibe munthu angavomere atauona utalembedwa poyera pa lita.

Izi sizinachitike mwangozi. Ndiyo ndondomeko ya malondawo. Pulinta amaigulitsa motchipa kuti ilowe m'nyumba mwanu, kenako phindu lonse amalikolola pa inki, mwezi ndi mwezi, mpaka makinawo atatha. Mu Januware 2024, mkulu wa kampani ya HP panthawiyo, Enrique Lores, anazinena yekha pa wailesi ya kanema ya CNBC. Anafotokoza kuti kampani yake imataya ndalama pogulitsa pulinta ndipo imazibweza pogulitsa inki, kuti wogula amene sasindikiza kwambiri kapena sagwiritsa ntchito inki yawo ndi ndalama zoikidwa polakwika, ndiponso kuti cholinga chawo n'chakuti m'tsogolo kusindikiza kudzakhale kolipira mwezi uliwonse. Mvetsani bwino, amayi a pa kathebulo. Inu mumayesa kuti munagula katundu wanu. Iwo amakuonani ngati munthu amene ali nawo ngongole yosatha.

Pofuna kuti ngongoleyo isaphonyeke, anaika loko. Pa katiriji pamakhala kachipangizo kakang'ono kotchedwa chip, ndipo pulinta imayamba yakafunsa ngati katirijiyo ndi ya kwawo. Mu Seputembala 2016, mapulinta ambiri a HP OfficeJet m'mayiko osiyanasiyana anangodzuka n'kukana makatiriji a makampani ena amene dzulo lake ankagwira ntchito bwinobwino. Palibe chimene chinathyoka. Pulogalamu ya m'kati mwa makinawo, imene HP imaitcha Dynamic Security, ndi imene inatseka. Tangoganizani kugula mbaula pamsika, n'kufika nayo kunyumba, mawa lake ikukana kuyaka chifukwa makala mwagula kwa munthu wina osati kwa amene anakusulirani mbaulayo. Pa msika wa Chowa wosula wotere sangathe sabata. Koma zikachitika pa pulinta timangoti ndi mmene makina amakono alili.

Anzathu a kwina sanangokhala chete. Mu 2018 bungwe loteteza ogula la ku Australia linachititsa HP kuvomera kulipira madola 50 a kumeneko kwa wogula aliyense amene pulinta yake inakana inki ya kampani ina iye asanachenjezedwe. Kumapeto kwa 2020, bungwe loona za mpikisano pa malonda ku Italy linalipiritsa HP chindapusa cha mayuro 10 miliyoni pa nkhani yomweyi. Ku America, kampani ya Lexmark inasumira kakampani ka ku West Virginia kotchedwa Impression Products chifukwa chodzazanso makatiriji akale n'kumawagulitsa. Pa 30 Meyi 2017, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti kampani ikagulitsa chinthu, singagwiritsenso ntchito lamulo la umwini wa luso poletsa wogula kuchita nacho chimene akufuna. Mfundoyi agogo athu ankaidziwa popanda loya: chimene walipira ndi chako.

Ife kuno loko yemweyo amatipweteka kawiri. Mapulinta ambiri m'nyumba zathu anabwera ndi achibale ochokera kunja, kapena anagulidwa atagwirapo kale ntchito. Makampani ena amagawa dziko lapansi m'zigawo, moti pulinta yogulidwa ku Ulaya kapena ku America ikhoza kukana katiriji yeniyeni ya kampani yomweyo imene mwaitanitsa ku Lusaka. Mwalipira mtengo wonse, mwagula yeniyeni imene amakulalikirani, koma makina akuti ayi. Pamenepo nkhani ya ubwino wa inki ili pati? Palibe. Nkhani ndi ya kugwira msika pakhosi.

Amatiuza kuti amatseka chifukwa chotiteteza. Lores anafika ponena kuti katiriji ya kampani ina ikhoza kulowetsa vairasi mu pulinta. Koma amene anaika chip pa kabokosi ka inki ndani? Botolo la inki lilibe pobisala vairasi. Ndipo kumbukirani zimene zinachitika kumayambiriro kwa 2022, pamene ma chip anasowa padziko lonse. Kampani ya Canon inayamba kutumiza tona (inki ya ufa) wa makina ake ena a mu ofesi wopanda chip, ndipo yokha inalembera ogula malangizo a mmene angadutsire uthenga wochenjeza umene makinawo ankaonetsa. Makina anapitiriza kusindikiza. Tsiku limene loko anasokoneza malonda a mwini wake, mwini wakeyo anationetsa kuti pulinta imagwira ntchito popanda lokoyo.

Umboni wina waukulu unachokera kwa anthu osauka ngati ife. M'mayiko a ku Asia, amisiri a m'misika ankaboola makatiriji, n'kulumikiza timapaipi topita ku mabotolo a inki omangiriridwa pambali pa pulinta. Anthu anazikonda chifukwa zinali zotchipa. Epson itaona kuti msika ukuthawa, mu 2010 inatulutsa ku Indonesia pulinta yake yoyamba yokhala ndi matanki othiramo inki ya m'botolo. Canon ndi HP anatsatira pambuyo. Pofika 2024, Epson inalengeza kuti yagulitsa mapulinta otere oposa 100 miliyoni. Ndiye kuti inki yotsika mtengo inali yotheka kuyambira kale. Chimene chinasowa ndi chifukwa chowakakamiza, ndipo amene anawakakamiza ndi anthu omwe aja ankanyozedwa kuti akuwononga makina ndi jekeseni.

Sindikunena kuti inki iliyonse yotchipa ndi yabwino. Ilipo yoipa, ndipo amene anaigulapo amaidziwa: tsamba limatuluka ndi mizere yoyera pakati pa zilembo, chakuda chimaoneka chotuwa, nkhope pa chithunzi imasanduka yobiriwira. Inki ilipo ya mitundu iwiri. Ina ndi utoto wosungunuka m'madzi, imawala bwino koma imafufuta padzuwa ndipo dontho la mvula limaimwaza. Ina ndi ya timibulu tosaoneka ndi maso timene timakakamira pamwamba pa pepala, ndipo imakhalitsa. Ngati mukusindikiza chithunzi cha ukwati choti chidzaonedwe ndi zidzukulu, kapena chikalata choti chisungidwe zaka, gulani inki yabwino kwambiri imene mungathe, ngakhale ya kampani yeniyeniyo. Koma mayeso a Giredi 5 amene adzakulungidwe mtedza mwezi wamawa safuna inki yokhala zaka makumi. N'zoonanso kuti pulinta ikawonongeka chifukwa cha inki ya kampani ina, eni ake sadzakukonzerani ulere. Werengerani nokha: chitsimikizo chawo nthawi zambiri chimatha chaka chimodzi, ndipo pa timapulinta totchipa mtengo wa makatiriji ochepa chabe umafika pa mtengo wa makina atsopano.

Pitani mukaone mmisiri wodziwa ntchito akudzaza katiriji. Amamatula kapepala ka pamwamba, timabowo n'kuonekera. Amalowetsa singano pang'onopang'ono mu siponji ya m'kati, osafika pansi, n'kumakankha inki modekha kuti isasefukire. Akatha amadinda kunsi kwa katiriji pa tishu yonyowa. Pakatuluka mzere wakuda wathunthu, kapena mizere itatu yooneka bwino ya mitundu, ntchito yatheka. Pakatuluka madontho odukaduka, amaviika kunsiko m'madzi ofunda mpaka timabowo titatseguka. Uwu ndi umisiri, ndipo ukudyetsa mabanja m'tauni muno. Mmisiriyo adzakuuzaninso chinthu chimene bokosi silinena: musadikire kuti katiriji iume. Mapulinta a HP ndi Canon amatenthetsa inki kuti ilumphire papepala, ndipo inki yomweyo ndi imene imaziziritsa timawaya totenthetsato. Mukasindikiza mulibe inki, timapsa, ndipo katiriji yopsa sidzukanso. Pa mapulinta a Epson mutu wosindikizira uli m'makina momwemo, choncho pamenepo musathire inki yosadziwika kochokera, pakuti mutuwo ukatsekeka kukonza kwake n'kodula. Sindikizani kanthu sabata iliyonse, ndipo phimbani makina ndi nsalu, chifukwa fumbi la Kabwe m'chilimwe mukulidziwa. Ngati pulinta yanu ili pa Wi-Fi ndipo mumagwiritsa ntchito makatiriji a kampani ina, zimitsani zoti izidzilandirira yokha mapulogalamu atsopano, poti ndi khomo limene loko amalowera.

Mdani weniweni wa wogula pansi pano ndi feki. Tisiyanitse zinthu. Pali inki imene imadzitchula dzina lake poyera, n'kulemba kuti imagwira pa pulinta yakutiyakuti. Imeneyo ndi malonda oona, ndipo ndi imene ndikuiikira kumbuyo. Palinso katiriji yodzazidwa kuseri, yoikidwa m'bokosi lokopera chizindikiro cha HP kapena Canon, n'kugulitsidwa pamtengo wa yeniyeni. Kumeneko ndi kuba. Wogulitsa wotere akubera mphunzitsi, akuberanso mmisiri woona mtima amene mbiri yake imaipa chifukwa cha zinyalala za wina. Ndipo dziwani kuti mtengo wopenga wa inki yeniyeni ndi umene umanenepetsa feki. Palibe amene angavutike kukopera bokosi la chinthu chimene phindu lake n'lochepa.

Pali nkhani inanso imene ife a ku Chowa sitingaiphonye. Tikukhala pa dothi limene mgodi unasiyamo mtovu, limodzi ndi anzathu a ku Kasanda ndi ku Makululu, ndipo ana athu akulipira ndi magazi awo phindu limene linapita kutali. Sindikufanizira katiriji ndi mtovu. Koma phunziro la kusiyiridwa zinyalala talilandira mokwanira. Katiriji iliyonse yotayidwa itangogwira ntchito kamodzi ndi pulasitiki ndi zitsulo zimene zidzathera m'dzala kapena pamoto kuseri kwa nyumba, utsi wake n'kulowa m'zifuwa za ana omwe aja. Amene wadzaza katiriji imodzi kasanu wachotsa makatiriji asanu m'dzalamo. Loko woletsa kudzazanso ndi loko wochulukitsa zinyalala.

Choncho kwa inu ogula ndikuti: musanafunse mtengo wa pulinta, funsani mtengo wa inki yake ndi masamba amene imatulutsa, mugawe, mupeze mtengo wa tsamba limodzi. Ngati mumasindikiza tsiku ndi tsiku, lowani chilimba mugule ya matanki, ngakhale ili yodula poyamba. Funsani wogulitsa ngati makinawo amalola inki ya kampani ina, ndipo yankho lake alilembe pa lisiti.

Kwa bungwe la Competition and Consumer Protection Commission (CCPC), limene lamulo la 2010 linalipatsa mphamvu zoteteza wogula m'Zambia, ndiponso kwa bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda limene likulu lake lili ku Lilongwe, pempho langa n'lachindunji. Lamulani kuti pulinta iliyonse yokhala ndi loko izilembedwa choncho pabokosi, m'zilembo zazikulu, isanafike pa shelefu. Lamulani kuti kuchuluka kwa inki ndi chiwerengero cha masamba zizioneka pambali pa mtengo m'sitolo. Thamangitsani ogulitsa feki, koma muwasiye amisiri odzaza makatiriji agwire ntchito yawo poyera. Wogula wa ku Australia analipidwa, kampani inalipiritsidwa ku Italy, ndipo makina ake ndi omwewa ali pa mathebulo athu. Kwacha ya mphunzitsi wa ku Chowa iyenera kutetezedwa ndi mphamvu yomweyo, ndipo ife tiyambe kulemba madandaulo athu ku CCPC nthawi iliyonse imene pulinta yakana inki imene talipira.