LOYA WA AMPHAWI SI WOPASULA MABANJA

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu,

Pali mau amene tawamva kawirikawiri m'midzi muno, pa maliro ndi pa mowa pomwe, akuti anthu a Legal Aid Bureau anadza kudzapasula mabanja, ndi kuti mkazi wopita kwa iwo ndi wamwano, wotulutsa za kuchipinda pabwalo. Ife tikuti mau amenewa ndi onama, ndipo ambiri owafalitsa ndi omwe afumbata chuma chosakhala chao.

Kodi anthu amenewa ndani? Lamulo la 2011 ndilo linakhazikitsa Legal Aid Bureau, ndipo inayamba nchito m'chaka cha 2015, kulowa m'malo mwa dipatimenti imene inali pansi pa Unduna wa Zachilungamo. Nchito yake ndi kuimira pa mlandu munthu wosowa ndalama zolipira loya. M'menemo muli maloya, muli ndi athandizi ao odziwa malamulo. Malipiro ao achokera ku Boma, ndiko kuti ku msonkho wa ife olima fodya, mtedza ndi chimanga. Chotero ndi anchito athu, ndipo palibe manyazi kugogoda pa khomo pao.

Taonani m'mene agwirira nchito. Mai wosiyidwa ndi ana akafika, amayamba amfunsa za mapezedwe ake, kuti aone ngati ndi wosowadi. Kenaka amamfunsa maina ndi zaka za ana, ankhoswe a ukwatiwo, katundu amene anapeza limodzi ndi mwamuna, ndi mboni zimene zingaime naye. Kawirikawiri amayesa kukhazika mbali ziwirizo pansi kuti zimvane. Zikakanika mpamene amalemba zikalata za ku khoti, natenga samani, natsata mlanduwo kufikira majisitireti ataweruza. Ukwati umene wafika pamenepa unapasuka kale. Iwo angoona kuti popasukapo ana asagone ndi njala.

Ndiponso sanena za m'mutu mwao iai, anena za m'malamulo a dziko lino. Malamulo aakulu a 1994, gawo 24, apatsa mkazi ufulu wolandira gawo loyenera la chuma cha onse awiri ukwati ukatha. Lamulo la ana la 2010 likakamiza bambo ndi mai kusamala mwana wao, kaya anakwatirana kaya ai. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 liika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, ndi ena amene womwalirayo ankawasunga. Limsiyira wotsalayo ziwiya za m'nyumba, ndipo kulanda chuma cha masiye likuyesa mlandu wolangidwa nao. Lamulo la maukwati la 2015 lilemekeza ukwati wa chinkhoswe mofanana ndi wa ku tchalitchi kapena wa kwa DC. Koma lamulo lolembedwa m'Chingerezi, lokhala m'buku ku Lilongwe, silibweza mbuzi m'khola popanda munthu wolinyamula kufika nalo kwa wosauka. Munthuyo ndiye loya wa amphawi.

Ena ati, nanga ankhoswe ndi mafumu nchito yao nchiani? Funso ili ndi labwino. Ife sitinyoza ankhoswe. Nkhani ya banja iyambire kwa iwo monga mwa makolo athu, ndipo ngakhale ku khoti umboni wao ndi wofunika pa ukwati wa mwambo. Koma nkhoswe ilibe mphamvu yokakamiza munthu wokana kupereka chithandizo cha ana. Nanga wozula malata pa nyumba ya masiye akakhala mwini mbumba yemweyo, mai uja akadandaule kwa yani? Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Amunanso tisadziyese otetezeka, pakuti mkamwini amene wamanga nyumba ya njerwa kuchikamwini, napirikitsidwa ndi bulangete lokha, nayenso afuna loya yemweyo.

Dandaulo lenileni lili pena. Anchito amenewa ndi ochepa, mafailo ndi ambiri, ndipo maofesi ao ali kutali ndi ife a kumudzi. Mai agulitsa nkhuku kuti akwere kabaza ndi minibasi, afika ku khoti namva kuti mlandu waimitsidwa, abwerenso mwezi wa mawa. Akabwerera kawiri katatu amangotaya mtima, ndipo wolanda uja apambana popanda kuweruzidwa. Motero tipempha aphungu ndi makhansala athu kuti alimbikire ndalama za Bureau pa bajeti, kuti anchito ake achuluke, ndi kuti azifika ku malikulu a mafumu athu pa masiku odziwika, monga achitira a chipatala pa sikelo ya ana.

Koma nafenso tili ndi mbali yathu. Choyamba, tisunge bwino zikalata: kalata ya ukwati, ziphaso za kubadwa kwa ana, ndi malisiti a malata, njinga ndi ng'ombe. Loya wopanda umboni ali ngati mlimi wopanda khasu. Chachiwiri, tilembe wilo tikadali ndi mphamvu, pamaso pa mboni. Kulemba wilo si kudziitanira imfa. Chachitatu, amene tinaona ndi maso tisakane kukachitira umboni kaamba ka kuopa achibale. Chachinai, tipempha kuti pa msonkhano ukudzawu nthambi ikambirane zokhala ndi kathumba kolipirira ulendo wa amasiye ndi mboni zao popita ku boma.

Abale, mlandu suola, koma ana amakula ndi njala poudikira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tiyeni timperekeze wamasiye ku ofesi m'malo momseka pa chitsime.

Ndife anu pa nchito,
Komiti ya Nthambi