Chenjezo: Musataye Mtima pa Mwana Wobadwa Masiku Asanakwane

Abale anga, tamverani. Pali mawu amene akutithera ana m'midzi ndi m'matauni momwe. Mwana akabadwa wochepetsetsa, masiku asanakwane, ena amayamba kunong'ona kuti "aka sikakhala, musavutike nako." Musawamvere. Akukunamizani.

Sindikubisirani, mwana wobadwa mimba isanafike masabata 28 amakhala pakati pa moyo ndi imfa. Bungwe la WHO limati m'mayiko osauka ana otere oposa 9 mwa 10 aliwonse amamwalira m'masiku oyambirira, pomwe m'mayiko olemera omwalira safika ndi mmodzi yemwe mwa 10. Kodi kumeneko kulibe tsoka? Kuli chisamaliro basi. Ndipo ana athu ambiri obadwa msanga amakhala atapyola masabata amenewo. Chimawapha ndi kuzizidwa, kulephera kuyamwa, kubanika ndi matenda, zomwe anamwino athu amadziwa kulimbana nazo mukafika msanga.

Inu amayi oyembekezera, matenda akayamba nthawi isanakwane, nsupa ikasweka, kapena mukaona magazi, musadikire kuti kuche. Nyamukani. Kuchipatala kuli jakisoni wothandiza mapapo a mwana kukhwima, koma amafuna nthawi kuti agwire ntchito mwanayo asanabadwe. Mwanamphepo musamwe, ndipo inu apongozi musam'patse.

Mwana akabadwira kunyumba kapena panjira, musam'sambitse. M'pukuteni, muvekeni chipewa, m'gonekeni pachifuwa pa mayi ake khungu kukhudzana ndi khungu, m'mangeni ndi chitenje, muthamange naye kuchipatala. Kamwana kotere kalibe mafuta m'thupi. Kamphepo komwe inu simukukamva n'komwe kangam'phe.

Ena amanyoza njira imeneyi yoyika mwana pachifuwa, yotchedwa kangaru, ati n'chithandizo cha amphawi osowa makina. Bodza limenelo. Njirayi inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno ku Malawi inafika pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, wochitikira m'mayiko a Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, anaona ana olemera kuyambira kilogalamu imodzi osafika 1.8. Kuwayika pachifuwa atangobadwa, osadikira kuti ayambe alimba, kunachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinali nawo pa kafukufukuyu. Mu 2022 WHO inalangiza kuti kangaru aziyamba nthawi yomweyo.

Tsono mukalowa ku nazale n'kupeza mwana wanu ali ndi timapaipi m'mphuno, musachite mantha, ndipo chonde musatizule. Mphekesera yoti okosijeni amapha yatiwonongera ana ambiri. Amene amayikidwa pa mpweya ndi amene adwalitsa kale, n'chifukwa chake ena amamwalira ali pomwepo. Makina othandiza kupuma a CPAP otchedwa Pumani atayesedwa ku Queen Elizabeth, ana 71 mwa 100 aliwonse anapulumuka, pomwe mwa olandira okosijeni wamba anapulumuka 44. Kapaipi kodyetsera nakonso musakakane. Finyani mkaka wanu, mwanayo adye.

Musathawe naye m'chipatala chifukwa cha kumunda kapena ana otsala kunyumba. Ndikudziwa, mavutowo ndi enieni. Koma apa ndi pofunika inu abambo, inu agogo, inu azakhali. Gawanani ntchito, mayi akhale ndi mwana. Mayiyo akafuna kukasamba, abambo vulani malaya, mum'nyamule mwanayo pachifuwa panu. Palibe chamanyazi pamenepo.

Akakutulutsani, kangaru apitirire usana ndi usiku mpaka achipatala atanena. Alendo asam'gwiregwire, ndipo womugwira ayambe wasamba m'manja ndi sopo. Mankhwala achikuda, madzi kapena phala, ayi. Tsiku limene akuuzani kuti mubwerenso, bwerani ngakhale mwana akuoneka bwino.

Akasiya kuyamwa, akazizira kapena kutentha thupi, akamapuma mofulumira kapena modukiza, akachita chikasu, akakomoka, bwererani kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Mukakayika, imbani 54747, nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, muli kale panjira.