Makina Sanawerengepo za pa Kamwala

Chitulukireni ChatGPT mu Novembala 2022, ambiri akuyesa kuti makinawa amadziwa zonse. Zimene amadziwazo amazitola powerenga zolembedwa pa intaneti, ndipo kumeneko Chingelezi n'chimene chachuluka: Wikipedia ya Chingelezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni, pamene ya Chichewa ili ndi nkhani zongopitirira 1,000. Nanga mayi wogulitsa zitenje pa msika wa Kamwala, amene amazindikira nsalu yosuluka pongoikhudza, nzeru zake zinalembedwa pati? Chinyanja cha mumsika chimathera pakamwa. N'chifukwa chake ndimawayamikira ofufuza a pa University of Zambia amene anasonkhanitsa mawu a Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi m'ntchito ya Zambezi Voice. Nafenso tizilemba m'chinenero chathu, makinawo apeze chowerenga.

Wanu, Mlembi wa ku Kabwata