Kompyuta ikuchenjeza za chiwawa m'zipatala za matenda a maganizo, koma ogamula ndi anamwino

Zipatala zina za odwala matenda a maganizo ku Ulaya ndi ku Australia zayamba kugwiritsa ntchito mapulogalamu a pakompyuta pofuna kudziwiratu wodwala amene angachite chiwawa m'wodi. Nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa chenjezo lotere likhoza kuchititsa kuti munthu amangidwe, atsekeredwe m'chipinda chayekha kapena abayidwe jakisoni womufooketsa.

Ambiri mwa mapulogalamuwa achokera ku mafomu apapepala. Ku Norway kudapangidwa fomu ya Brøset Violence Checklist, pomwe namwino amaona zizindikiro 6: kusokonezeka mutu, kupsa mtima msanga, phokoso, kuopseza ndi mawu, kuopseza kumenya ndi kumenya katundu. Zizindikiro zikachuluka, chiopsezo cha chiwawa m'maola 24 otsatira chimakula. M'chaka cha 2015, bungwe la NICE la ku England lidalangiza zipatala kugwiritsa ntchito fomuyi kapena inzake ya ku Australia yotchedwa DASA m'malo modalira maganizo a ogwira ntchito okha.

Chachilendo tsopano n'chakuti kompyuta ikutha kuwerenga yokha zimene madokotala ndi anamwino amalemba m'mafayilo. Kafukufuku wa ku Netherlands wa 2019 adasonyeza kuti pulogalamu yophunzitsidwa ndi mafayilo a chipatala chimodzi imalosera bwino ndithu, koma ikapita ku chipatala china imaphonya kwambiri. Ambiri mwa odwala omwe idawatchula kuti ndi oopsa sadamenye munthu. Choncho chipatala chokhulupirira makina mwachimbulimbuli chikhoza kuzunza anthu osalakwa.

Njira yooneka yodalirika ndi ya chipatala cha Thomas Embling ku Melbourne, komwe DASA ya pakompyuta idalumikizidwa ndi malangizo a zoyenera kuchita. Chiopsezo chikakwera, pulogalamuyo imakumbutsa namwino kukhala pansi ndi wodwalayo, kumukhazika mtima pansi kapena kumupatsa chochita zinthu zisanafike poipa.

Apa ndiye pagona nkhani. Phindu la luso limeneli lidzaoneka ngati chiwerengero cha anamwino ovulala ndi cha odwala omangidwa chitsika limodzi. Chipatala choganiza zogula pulogalamu yotere chiyenera kuyamba chaiyesa pa odwala ake, kuwauza kuti mafayilo awo akuwerengedwa ndi makina, ndi kuonetsetsa kuti m'wodi muli anamwino okwanira oti achitepo kanthu chenjezo likabwera.