Madzi saiwala khwawa

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mwambiwu timaunena podzudzula munthu wobwerera ku khalidwe lake lakale, koma amene anaupeka anayamba aonetsetsa mvula ikutsetsereka paphiri chaka ndi chaka, mpaka kudziwa posayenera kumanga nyumba. Imeneyo ndi Jogalafe, ndipo anaiphunzira popanda choko.

Lero mwana wa ku Magaleta, m'boma la Neno, amaloweza kuti mtsinje wa Nile umathira m'nyanja ya Mediterranean. Mufunseni kumene madzi a m'khwawa la kuseri kwa sukulu yake amathera, angoti kukamwa yasa. Sikuti ndi mbuli. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro amayenda m'Chingerezi, choncho amakopera manotsi a kukokoloka kwa nthaka m'mawu achilendo, osadziwa kuti akunena za chigwembe chomwe wachidumpha m'mawa womwewo.

Chonsecho boma la Neno, lomwe linapatuka ku Mwanza mu 2003, lili ndi zonse zimene mphunzitsi angafune. Kumtunda kwa Dambe, m'mapiri a Kirk Range, n'kozizira ndipo amalima mbatatesi ndi tirigu. Kumunsi, ku Lisungwi ndi ku Zalewa, n'kotentha, mvula ndi yochepa, milambe ili mbwee. Funso limodzi lokha, loti bwanji mbatatesi sizilimidwa ku Zalewa, likhoza kutsegula mutu wonse wa kukwera kwa malo ndi nyengo kuposa manotsi odzadza bolodi.

Aphunzitsi, mvula ikakata tulukani nawo anawo. Atunge madzi m'mabotolo awiri, ena otsika m'munda wopanda akalozera, ena odutsa m'udzu, aone okha botolo lodikha matope ambiri. Alembe ndi kamtengo pamchenga mapu a njira yawo yakusukulu, aikepo mjigo, chigayo ndi manda. Kenaka alondole madziwo pamapu enieni: Lisungwi ndi Wamkulumadzi amathira mu Shire, kumtunda kwa Kapichira kumene EGENCO imapukusa magetsi. Dothi lochoka pamene padulidwa mitengo ya makala limakadzadza damu kumeneko. Mwana wofika pamenepa sadzafunsanso kuti phunziroli n'lachiyani.

Itaninso agogo a m'mudzi adzayime kutsogolo kwa kalasi. Iwo akudziwa pamene chigumula chinalekeza kale, mitsinje imene inkayenda chaka chonse koma lero imaphwa, ndi chifukwa chimene chitsime amakumba pafupi ndi katope. Safunsa anadya phula, ndipo sukulu yosafunsa eni malo imataya zimene sizinalembedwe m'buku lililonse.

Ena anena kuti mayeso a MANEB safunsa za Magaleta, komanso kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. N'zoona, koma njira yopita kutali imayambira pakhomo. Sitima ya malasha yochokera ku Moatize imadutsa mu Neno popita kudoko la Nacala. Pamenepo pali phunziro la migodi, malire a mayiko ndi malonda a dziko lopanda doko la kunyanja yamchere ngati lathu. Namondwe wa Ana, amene anaononga Kapichira mu Januwale 2022 n'kuzimitsa magetsi m'madera ambiri, anachokera kunyanja ya Indian Ocean kudzera ku Madagascar ndi Mozambique. Mwana amene wamvetsa Shire sadzavutika ndi Nile, pakuti madzi onse amatsata malamulo amodzi.

Kuchuluka kwa ana m'kalasi ndi vuto lenileni, koma panja pali malo kuposa m'chipinda, ndipo botolo, chingwe ndi mchenga sizidikira ndalama za boma. Aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu apatule tsiku pamwezi loti phunziroli lichitikire kudambo kapena paphiri. Alangizi a maphunziro akabwera asamangowerenga mapulani. Azipempha mwana mmodzi awalembere pansi njira ya madzi ochoka padenga la sukulu mpaka kunyanja.